Suweji ya Mzuzu tikuifuna, koma kuseri kwa nyumba ya yani?

Amene adachitako lendi ku Chibavi kapena ku Salisbury Lines akudziwa chimene chimachitika mvula ikagwa masiku atatu osakata. Madzi amakwera kuchokera pansi, chimbudzi chokumba chimadzaza mpaka pakamwa, ndipo zimene tidasiyamo mwezi watha zimatuluka kudzationa. Ine ndidakhalapo m'nyumba yotere. Alandilodi ankangoti, "Pirirani achimwene, dzuwa likawala ziphwa." Chitsime chimene tinkatungapo madzi ochapira chidali cha pomwepo, mwana akhoza kuponya mwala kuchokera pachimbudzi n'kugwera m'chitsimemo.

Mzuzu adakhala mzinda mu 1985, ndipo kalembera wa 2018 adapezamo anthu 221,272. Koma anthu onsewa alibe mapaipi a suweji olumikiza nyumba ndi nyumba monga m'madera ena a Blantyre ndi Lilongwe. Opeza bwino ku Chimaliro ndi ku Katoto ali ndi mathanki apansi; enafe timakumba dzenje. Likadzaza, wandalama amaitana galimoto yopopa kuti ikakhuthule ku maiwe a khonsolo ku Nkhorongo. Wopanda ndalama amadikira usiku wa mvula yamphamvu n'kutsegulira m'ngalande. Tisanamizane abale anzanga, zimachitika.

Tsono palibe amene angatsutse kuti mzindawu ukufunika malo aakulu oyeretsera madzi a zonyansa. Kolera wa 2022 mpaka 2023 adapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, ndipo anzathu a ku Nkhata Bay pafupi pompa adalira nawo maliro. Mkangano uli pa funso limodzi: malowo akhale kuti?

Choyamba n'chakuti madzi sakwera phiri. Suweji yotsika mtengo ndi imene zonyansa zimayenda zokha m'mapaipi kutsikira kumunsi. Mukaika malowo pamtunda, ndiye kuti mukufuna mapampu, ndipo mapampu amadya magetsi usana ndi usiku. Tonse tikukumbukira mdima umene tidakhalamo namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022. Magetsi akazima pagolosale, zimene zimaonongeka ndi zakumwa za m'firiji. Akazima pa pampu ya suweji, zonyansa zimabwerera n'kutulukira pamsewu. Choncho malowo ayenera kukhala kumunsi kwa mzinda, ndipo kumunsi kwa Mzuzu n'kumene ukulowera mtsinje wa Lunyangwa.

Apa ndiye pali nkhani. Lunyangwa yemweyo ndi amene amatimwetsa, kudzera mu damu la Northern Region Water Board. Palibe wamisala amene angamange suweji kumtunda kwa damulo. Koma kumunsi kwake nakonso kuli anthu. Kuli madimba amene amatipatsa repu ndi tomato amene amayi amagulitsa mumsika. Mtsinjewo umapitirira mbali za ku Ekwendeni n'kukathira mu Kasitu, Kasitu mu South Rukuru, South Rukuru m'nyanja ya Malawi. Madzi otuluka ku suweji akakhala osayera bwino, ndiye kuti tangonyamula vuto la Chibavi n'kukalitula pakhomo pa munthu amene sadadye nawo nsimayo.

Ena amati, nanga si madambo ali mbwee, ndipo ali pansi kale? Amenewa aiwala Epulo 2016, pamene madzi osefukira adagwetsa nyumba m'mzinda muno, anthu n'kukagona m'masukulu ndi m'matchalitchi. Dziwe la zonyansa lomangidwa m'dambo, tsiku la chigumula limasanduka mtsinje. Malo oyenera ndi otsika kuposa nyumba zathu koma okwera kuposa pamene madzi amafika mvula ikakwiya, ndipo malo otere sachuluka.

Ndisanasiyire panjira maphunziro a ku yunivesite, ndidatolako kanthu kamodzi pa za maiwewa. Chimene chimayeretsa madziwo si mankhwala ayi, koma dzuwa, ndere ndi tizilombo tosaoneka ndi maso timene timadya zonyansazo madzi akamachoka dziwe ili kupita dziwe linalo. Kukazizira, tizilomboto timachita ulesi. Nanga Mzuzu mu Juni ndi Julaye mukumudziwa, nkhungu ndi mvula yowaza, dzuwa osaoneka sabata yathunthu. Ndiye kuti madzi ayenera kukhala m'maiwe masiku ambiri kuposa momwe angakhalire ku Karonga, ndipo maiwewo ayenera kukhala aakulu. Tikunena za malo a mahekitala ambiri, kuphatikizapo mpanda wa mitengo wotchinga fungo.

Malo otere mkati mwa mzinda adatha kale. Otsala ali m'manja mwa mafumu ndi mabanja amene amalimapo chimanga, ena ali ndi manda a makolo awo pomwepo. Ndipo timadziwa mmene zinthu zimayendera kwathu kuno: chonunkha sachiika pafupi ndi nyumba za mipanda ya njerwa. Amachipititsa kwa munthu amene sadziwa khomo la loya. Nkhani ya zinyalala idatiphunzitsa kale. Anthu a ku Mchengautuwa adatopa ndi mtaya pakhomo pawo, zinyalala zidasamukira ku Msilo, nako anthu adadandaula ntchentche ndi fungo mpaka kukaniza magalimoto kulowa. Adali ndi chifukwa. Adalonjezedwa malo osamalidwa bwino, chimene adaona ndi mulu wowola.

Kumanga n'kosavuta ngati wopereka ngongole wapezeka. Chovuta n'kusamala chaka chachisanu, alendo odula riboni atapita kale. Mu 2017 anthu a ku Area 18 ku Lilongwe adatsegula mipopi n'kupeza madzi osakanikirana ndi zonyansa za suweji yophulika. Umenewo ndi mzinda wa likulu, kumene nduna zimagona. Munthu wa ku Dunduzu akafunsa kuti adzasamale malowo ndani, khonsolo kapena bodi ya madzi, ndipo ndalama yake idzachokera kuti, musamuyese wokana chitukuko.

Maganizo anga ndi awa. Malowo asankhidwe ndi kugulidwa tsopano, ngakhale ndalama ya mapaipi isanapezeke, chifukwa chaka chilichonse mapuloti akudyera kumene maiwe akadakhala. Chipukuta misozi chiperekedwe chonse anthu asanasamuke, osati theka lero theka "boma likapeza ndalama". Oyandikana ndi malowo akhale oyamba kulandira mipopi ya madzi, msewu ndi ntchito. Ndipo akatswiri asakakamire chimalo chimodzi chachikulu chotumikira Mzuzu ndi Ekwendeni ngati mtengo wa mapaipi ndi mapampu ukuposa wa malo awiri kapena atatu ocheperako.

Lamulo la zachilengedwe la 2017 limafuna kuti ntchito yaikulu chonchi iyambe yaunikidwa mmene idzakhudzire anthu ndi chilengedwe. Lipoti limenelo lisakhale la Chingerezi chokha m'kabati ya ofesi. Lilembedwe mwachidule m'Chitumbuka ndi m'Chichewa, limatidwe pamsika waukulu, pa depoti ndi kwa amfumu. Msonkhano wake usachitikire mu hotela 10 koloko m'mawa, nthawi imene mavenda ali pabenchi ndipo ophunzira ali m'kalasi. Ukachitikire pabwalo la mudzi umene mapu akuloza, Loweruka masana.