Momwe Dodge City Inavulira Mfuti

Chitokosi choyamba cha Dodge City, katauni ka m'chigawo cha Kansas ku America, chinali dzenje. Amene anakhalako masiku oyambirira ankasimba kuti munthu akaledzera n'kuyamba kusokosa, anzake ankamutsitsira m'chitsime chouma n'kumusiya momwemo mpaka mowa utamuthera m'mutu. Wapolisi kunalibe, woweruza kunalibe. Mlandu ankagamula ndi amene wayamba kusolola mfuti.

Chinali chaka cha 1872. Pakampu ya asilikali ya Fort Dodge panali lamulo loletsa kugulitsa mowa, ndiye mkulu wina wochenjera, George Hoover, anayeza mtunda wa makilomita 8 kuchoka pakampupo, n'kuyala thabwa, n'kuyamba kuthira wisiki. Tauni inamera mozungulira thabwa limenelo. Mu Sepitembala njanji ya Santa Fe inafika, ndipo alenje a njati anakhamukirako ndi zikopa zomwe ankaziunjika milumilu pafupi ndi siteshoni, fungo lake losaneneka. Ndalama zinali mbwee, mfuti aliyense yake m'chiuno. Chisanathe chaka, amuna osachepera 15 anali atawomberedwa n'kufa, m'tauni ya anthu mazana ochepa chabe. Ankawafotsera pakaphiri kotchedwa Boot Hill, opanda bokosi, ena jombo zili kuphazi.

Amalonda atatopa anapanga gulu lawo lachitetezo, koma pasanapite nthawi gululo linasanduka chigawenga chachikulu kuposa zigawenga zomwe linkathamangitsa. Mu Juni 1873 anthu oledzera anapha William Taylor, munthu wakuda amene ankagwira ntchito kwa mkulu wa asilikali Richard Dodge. Apa m'pamene anaputa mavu. Dodge anadandaula kwa bwanamkubwa wa Kansas, asilikali analowa m'tauni kukagwira anthu, ndipo mwezi womwewo dera la Ford linapeza mkulu wa apolisi woyamba, Charlie Bassett.

Koma chimene chinakonza Dodge City kwenikweni ndi ng'ombe, kapena tinene kuti masamu a eni mabala. Njati zitatha, anyamata oweta ng'ombe a ku Texas anayamba kubwera ndi misambi yawo kudzakweza sitima. Mnyamata wayenda miyezi iwiri kapena itatu m'fumbi, walandira malipiro ake onse tsiku limodzi, ali ndi ludzu la chipululu chonse. Amalonda anaona mfundo yosavuta: wakufa sagula mowa. Komanso mukamuzunza kwambiri mlendoyo, chaka chamawa ng'ombe zake azikakweza kutauni ina. Pankafunika apolisi oti mnyamatayo amusiye awononge ndalama zake zonse mosangalala, koma abwerere kwawo wamoyo.

Mu Novembala 1875 tauniyo inakhala ndi khonsolo yake, ndipo inalemba ntchito Larry Deger, chimunthu cholemera makilogalamu oposa 130, kuti akhale mkulu wa apolisi a m'tauni. Kenaka panabwera chida chomwe mafilimu a akauboyi safuna kukuonetsani: chikwangwani. Anachikhoma pamsewu waukulu wa Front Street, choletsa kuyenda ndi mfuti. Mlendo akafika ankasiya mfuti yake kuhotela, kubala kapena kukhola la akavalo, n'kudzaitenga tsiku lonyamuka. Kumwera kwa njanji, komwe kunali nyumba zovinira, apolisi ankatsinzina diso pang'ono, koma kumpoto, kumene kunali masitolo ndi mabanja, lamulo linali lamulo.

Nanga wokana kuvula mfuti? Apa m'pamene pakulowa Wyatt Earp, amene anafika mu 1876 kuchokera ku Wichita. Mbiri yake kumeneko sinali yonyaditsa kwenikweni. Tsiku lina atakhala pampando m'bala, mfuti yake inagwa pansi n'kulira yokha, chipolopolo n'kuboola jekete yake yomwe, ndipo ntchito inamuthera atamenya munthu amene ankapikisana ndi bwana wake pachisankho. Koma ku Dodge anapeza luso lake. Woledzera akayamba matukutuku, Earp ankamuyandikira, n'kumugogoda ndi mpope wa mfuti pamwamba pa khutu, phwa! n'kumukokera kuchitokosi. M'mawa munthu ankadzuka ndi chotupa pamutu, n'kulipira chindapusa pamaso pa woweruza, madzulo n'kubwerera kubala konkuja. Mwini bala wasangalala, khonsolo yasangalala, ndipo manda a pakaphiri paja akusowa alendo.

Ndalama zolipirira apolisi zinkachokera kwa ochimwa omwewo. Otchova njuga ndi akazi oyendayenda ankalipiritsidwa chindapusa nthawi ndi nthawi, ndipo aliyense ankadziwa kuti ndi msonkho wongovala dzina lina. Chinyengo chinalipo, osabisa. Ngakhale boma la Kansas litaletsa mowa kuyambira mu 1881, mabala a ku Dodge anapitiriza kuthira masana dzuwa likuswa mtengo, apolisi akudutsa pakhomo n'kupereka moni.

Apolisi akewo ndiye anali osekesa. Mu Juni 1877 Deger ankapita ndi kamunthu kena kotchedwa Bobby Gill kuchitokosi, akukakankha ndi mateche. Mnyamata wina, Bat Masterson, zinamunyansa, n'kumugwira Deger pakhosi mpaka mkaidiyo anathawa. Apolisi ndi anthu ena anamuunjikira Bat, kumugogoda mutu mpaka magazi, n'kumutsekera. Woweruza anamulipiritsa madola 25. Mu Novembala chaka chomwecho kunali chisankho cha mkulu wa apolisi wa dera lonse la Ford, ndipo opikisana anali Deger ndi Bat yemwe anamutsekera uja. Bat anapambana ndi mavoti atatu okha. Tangoganizani nkhope ya Deger m'mawa mwake!

Si kuti magazi anasiyiratu kukhetsedwa. Mchimwene wake wa Bat, Ed Masterson, anali mkulu wa apolisi a m'tauni, munthu wofatsa amene ankakonda kunyengerera kusiyana ndi kugogoda. Usiku wa pa 9 Epulo 1878 analanda mfuti mnyamata woledzera, Jack Wagner, n'kuipereka kwa kapitawo wa Wagneryo kuti asunge. Mfutiyo inabwereranso m'manja mwa Wagner. Ed atapita kukailandanso anawomberedwa pafupi kwambiri moti zovala zake zinayaka moto, ndipo anamwalira usiku womwewo. Chaka chimenecho ndicho chinali choipitsitsa pa nyengo yonse ya ng'ombe: anthu asanu anaphedwa.

Asanu, pa chaka choipitsitsa! Katswiri wa mbiri yakale Robert Dykstra, m'buku lake la 1968 lotchedwa The Cattle Towns, anawerenga anthu ophedwa ku Dodge City kuyambira 1876 mpaka 1885 n'kupeza 15 okha. Ndiye kuti zomwe tauniyo inachita m'chaka chimodzi isanakhale ndi apolisi, inatenga zaka khumi kuti izifikire apolisi atabwera, pamene alendo anali atachuluka kwambiri. Earp weniweniyo, amene m'mafilimu amagwetsa anthu ngati mango, amangotchulidwa pa imfa imodzi ku Dodge, ya mnyamata George Hoy amene anawombera nyumba ya zisudzo mu Julayi 1878, ndipo nayonso apolisi owombera anali oposa mmodzi.

Umboni wokoma kwambiri ndi wa nkhondo ya mu 1883. Deger uja anali atakhala meya, ndipo apolisi ake anakagwira akazi oyimba kubala ya Long Branch, ya Luke Short, n'kusiya a m'mabala a anzake a meya. Short atakwiya anawomberana ndi wapolisi mmodzi, onse awiri n'kuphonyana, ndipo anamukweza sitima kuti asadzapondenso m'tauniyo. Iye anakaitana Bat Masterson ndi Wyatt Earp, amene panthawiyo anali atachoka kale. Manyuzipepala a m'mizinda ina analemba kuti ku Dodge kugwa mitembo. Zimphonazo zinafika mu Juni, akuluakulu a tauni n'kuchita mantha ndi malonda awo nyengo ya ng'ombe itayandikira, n'kukambirana, n'kugwirizana. Short anabwerera kubala yake. Kenaka amuna asanu ndi atatu anavala masuti ndi zipewa, n'kupita kwa wojambula zithunzi. Nkhondo yonse inathera pa chithunzi chimodzi, popanda ngakhale maliro amodzi.

Zotsalazo zinatha msanga. Mu 1885 boma la Kansas linatseka njira ya ng'ombe za ku Texas chifukwa cha matenda ofala ndi nkhupakupa, moto unanyeketsa mbali yaikulu ya Front Street, ndipo chisanu choopsa cha mu Januwale 1886 chinapulula ziweto. Akauboyi anasiya kubwera, Dodge n'kukhala tauni ya alimi ndi matchalitchi. Mitembo ya pakaphiri paja anali ataifukula kale n'kuisamutsira kumanda ena, pamalopo n'kumangapo sukulu. Sukuluyo itagwetsedwa, cha m'ma 1929 anamangapo nyumba ya khonsolo, momwe munakhalanso apolisi ndi chitokosi chawo chenicheni, chokhala ndi denga ndi chitseko. Bat Masterson anakafera ku New York mu 1921, atakhala pa desiki, akulemba nkhani zamasewera m'nyuzipepala.

Lero Dodge City ili ndi anthu pafupifupi 27,000, ambiri a iwo ochokera m'mabanja olankhula Chisipanishi amene amagwira ntchito m'mafakitale akuluakulu ophera ng'ombe. Kutchuka kwake kunabwera ndi sewero la pa wailesi yakanema la Gunsmoke, lomwe linaonetsedwa kuyambira 1955 mpaka 1975, ndipo alendo amafika akufuna kumva kulira kwa mfuti. Tauniyo siwakhumudwitsa. Nyengo yotentha, kumalo osungirako zakale a Boot Hill, anyamata ovala zipewa zazikulu amawomberana ndi zipolopolo zabodza, n'kugwa m'fumbi, n'kudzuka, n'kusasa mathalauza, n'kujambulitsa ndi ana a alendo amene alipira pakhomo.