CHIPEMBELE WA KU SHIWA: Anamanga nyumba ya zipinda 40 mu sanga, koma mkazi wake anamusiya

Mukakwela minibasi ya ku Chilenje n'kudutsa mu Burma Road, yang'anani bwino mukafika pa Kabwata. Muzaona tunyumba twa mauzu, tozungulila, pomwe masiku ano amagulitsa ziboliboli, ng'oma na madengu kwa ma tuwalisiti. Tunyumba utu boma la atsamunda linamangila amuna achikuda amene anabwela kusewenza mu tauni. Chipinda chimodzi chabe, ndipo mkazi na ana anafunika kutsala kumudzi.

Manje tamvelani. M'zaka zomwezo, muzungu wina wochokela ku England anali kumanga nyumba ya zipinda pafupifupi 40 mkati mwa sanga, makilomita opitilila 700 kuchoka pano pa Lusaka. Nyumba ya nsanja, tchalitchi chake, laibulale yake. Dzina lake anali Sir Stewart Gore-Browne, koma anthu amene anali kumusewenzela anali kumuitana kuti Chipembele. Nkhani yake, mwandi, ili na zonse zimene mumakonda mu ma telenovela a usiku: chikondi chokanika, ndalama za anti, chikwati chopasuka, ndale na maliro a boma.

MWANA WA APAMWAMBA

Gore-Browne anabadwila ku London pa 3 May 1883, mu banja la apamwamba zoona. Atate ake anali loya wamkulu, ndipo ambuye ake aamuna anakhalako bwanamkubwa wa New Zealand. Anaphunzila ku Harrow, sukulu ya ana a anthu olemela, kenako analowa usilikali mu gulu la mfuti zikuluzikulu.

Mu 1911 anafika kuno na gulu limene linali kupima malile pakati pa Northern Rhodesia na Congo ya ma Belgian. Ntchito itatha mu 1914, sanafulumile kubwelela kwao. Anayenda ulendo wapansi kuloza kumpoto chakum'mawa, mpaka anafika pa kanyanja kena pakati pa Mpika na Chinsali. Abemba amakachula kuti Ishiba Ng'andu, kutanthauza thamanda la ng'ona zachifumu, pakuti ng'ona ndiyo chizindikilo cha banja la ba Chitimukulu. David Livingstone nayenso anapitako pamalo apa mu 1867.

Mnyamatayo anagwa m'chikondi na malowo. Anagula maekala 10,000 kwa British South Africa Company pa mtengo wa mashilingi awili pa ekala. Onse pamodzi, mapaundi 1,000. Imwe amene mwakhala zaka zitatu mukuthamangitsa ka puloti ka 20 by 30 ku Chongwe Road, mtima pansi. Ndipo muone bwino amene analandila ndalamazo: kampani ya azungu anzake. Anthu amene makolo ao anali kuwedza nsomba pa nyanjayo sanali pa pepala.

Asanaike njelwa ngakhale imodzi, nkhondo yoyamba ya dziko lonse inabuka. Anapita kukamenya ku France, analandila mendulo ya DSO, ndipo anabwelela ku Shiwa mu 1920 ali lefutenanti kenelo.

ANTI WA CHIKWAMA

Aliyense amene anayesapo kumanga amadziwa kuti maloto ni aulele koma simenti ni ya ndalama. Chipembele anali na sponsa wake: mlongo wa atate ake, Dame Ethel Locke King, amene anali kumuposa na zaka 19. Mai uyu na mwamuna wake ndiwo anali eni a Brooklands, bwalo la mipikisano ya mamotoka limene linatsegulidwa ku England mu 1907.

Gore-Browne anali kukonda anti wake modabwitsa. Anali kulembelana makalata kwa zaka zambilimbili, kumuuza chilichonse, kuyambila mtengo wa misomali mpaka za mumtima. Anali kulakalaka kuti tsiku lina anti azabwela kukhala naye pa Shiwa. Ndalama zinali kufika, koma mwini wake sanabwele kuzakhala. Anamwalila mu 1956.

Ntchito yomanga inali yoopsa. Njanji yapafupi inali pa mtunda wa mamailosi pafupifupi 400. Misewu na milatho anachita kudzilambulila. Njelwa zonse zinaumbidwa na kuochedwa pamalo pomwepo na amuna Achibemba, mitengo inadulidwa mu sanga momwemo, ndipo katundu wolema wochokela kunja anabwela pa mitu ya anthu na pa ngolo za ng'ombe. Nyumba yaikulu inamangidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 na kuchiyambi kwa m'ma 1930, ndipo anapitiliza kuonjezela zina mpaka m'ma 1950. Pambali pake panabwela sukulu, chipatala na nyumba za anchito.

Madzulo, olo alibe mlendo, mudala anali kuvala suti ya dina, kagalasi kamodzi pa diso, n'kukhala pa tebulo kudya motsatila ndondomeko ya ku London, anchito ovala yunifomu akumutumikila. Kunja afisi akulila.

Koma dzina la Chipembele silinabwele chifukwa cha suti. Munthu uyu anali na ukali woopsa, ndipo anali kumenya anchito ake akamukwiyitsa. Ichi si chinsinsi. Chinalembedwa m'mabuku a anthu amene anafufuza moyo wake.

ANAKONDA MAI, ANAKWATILA MWANA

Apa manje ni pomwe nkhani imafika pa ma salon. Ali mnyamata, Gore-Browne anakonda mtsikana wina dzina lake Lorna Bosworth Smith. Anachedwa kukamba, ndipo Lorna anakwatiwa na dokotala wina, Edwin Goldmann. Onse awili anamwalila msanga, n'kusiya ana amasiye.

Patapita zaka, Chipembele ali ku England anakumana na mwana wamkazi wa Lorna uja. Dzina lake? Lorna nayenso. Mu 1927 anakwatilana. Mwamuna anali na zaka 44, mkazi anali asanafike zaka 20. Kukanakhala Facebook nthawi ija, sembe intaneti inagwa.

Lorna wachiwili anabwela ku Shiwa ndipo anabeleka ana aakazi awili, Lorna na Angela. Anaphunzila Chibemba ndipo anali kuyendetsa famu mwamuna wake akachokapo. Koma tangoganizani: uli mtsikana, uli pakati pa sanga, mwamuna wako ni wamkulu ngati atate ako, maganizo ake ali pa njelwa, pa ndale na pa makalata a anti. Zipinda 40 sizinathandize. Anayamba kukhala kutali, ndipo chikwati chinathelatu mu 1950.

Bizinesi nayo siinamuchitile chifundo. Chifukwa cha kutalika kwa msika, anafuna chinthu chopepuka koma chodula. Anabyala mitengo ya malalanje na mandimu n'kuyamba kutcheza mafuta onunkhila amene amapangila pafyumu ku Ulaya. Zinayenda kwa kanthawi, makamaka nthawi ya nkhondo yachiwili, koma mu 1958 matenda a mitengo anapha munda wonse. Zaka zambili famu ya Shiwa inali kudya ndalama kupambana zimene inali kubweletsa.

CHIPEMBELE MU LUSAKA

Mwina mukufunsa kuti, nanga ise a mu Lusaka zikutikhudza bwanji? Chaka cha 1935, pomwe likulu linasamuka kuchoka ku Livingstone kubwela kuno, ndicho chakanso chimene Gore-Browne anasankhidwa kulowa mu Legislative Council, nyumba ya malamulo ya nthawi ija. Inali kukumana mu chinyumba chakale cha Secretariat, chija chili mu Independence Avenue. Kuyambila 1938 anaikidwa kukhala woimilila zofuna za anthu akuda, pakuti munthu wakuda sanali kuloledwa kukhala mu nyumbayo kudzikambila yekha. Mu 1945 mfumu ya ku England inamupatsa ulemu wa Sir.

Lusaka ya masiku amenewo inali yogawika pawili. Mayadi a ku Ridgeway, ndipo pambuyo pake Woodlands na Kabulonga, anali a azungu. Makolo athu anali ku Kabwata, Chilenje na Matero, olo pa mafamu a azungu. Ndiye chifukwa chake mpaka lelo tili na makomboni ochedwa John Laing, John Howard na Marapodi. Mu mashopu ambili a mu tauni munthu wakuda anali kugulila pa kawindo ka kumbali.

Mu dziko lotelo, Chipembele anali wosokoneza. Anali kuitana anthu akuda kudya naye pa tebulo limodzi, chinthu chimene azungu anzake anali kuchiona ngati misala. Anathandiza ba Harry Mwaanga Nkumbula kupeza mwayi wa maphunzilo apamwamba kunja. Mnzake wapamtima m'zaka zake zaukalamba anali dalaivala wake, ba Henry Mulenga, amene anali kuyenda naye mpaka ku England.

Koma musafulumile kumuombela m'manja. Mu 1948 anakamba mu nyumba ya malamulo kuti nthawi yakwana yakuti dziko lino lidzilamulile, m'njila imene mphamvu zambili zikanagwela m'manja mwa azungu okhala kuno. Atsogoleli achikuda anaona kuti munthu amene amati ni wowakambila wawagulitsa. Anamudzudzula poyela, ndipo chaka chomwecho kunabadwa chipani cha Congress. Uthenga unali womveka: tizadzikambila tekha. Mu 1951 Gore-Browne anachoka mu nyumba ya malamulo.

Azungu ambili akanakwiya n'kulongedza kupita ku Salisbury olo ku South Africa. Uyu anabwelela ku Shiwa, anakhala pansi n'kuganiza. Pofika kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1960, nthawi imene ba Kenneth Kaunda anali kukhala mu kanyumba nambala 394 ku Chilenje, mudala wa kagalasi pa diso anali atalowa UNIP. Ba Kaunda anali mwana wa ku Lubwa, ku Chinsali, ndiye tingati anali aneba. Pa masankho a 1962, ali na zaka 79, Gore-Browne anaima pa tikiti ya UNIP. Analuza, chifukwa lamulo linali kufuna mavoti a mitundu yonse iwili, ndipo azungu anzake anamukana.

MALILO A BOMA

Ufulu unabwela pa 24 October 1964, iye ali moyo ndipo ali nzika ya Zambia. Mu 1966 ba Kaunda anamuveka mendulo ya Order of Freedom. Pa 4 August 1967 anamwalila ku Kasama ali na zaka 84. Anapatsidwa malilo a boma, ba Kaunda eni ake analankhula, ndipo anamuika pa phili loyang'ana nyanja ya Shiwa na ulemu wonga wa mfumu. Amakumbukidwa ngati muzungu yekhayo wa nthawi ya atsamunda amene analandila ulemu wotele kuno.

Famu inatsala m'manja mwa mwana wake woyamba, Lorna, na mwamuna wake John Harvey. Mu 1992 awiliwa anaphedwa na anthu amfuti pa famu yao ina ku Chisamba, pafupi pomwepa. Zitatelo nyumba ya Shiwa inayamba kugwa. Denga linali kudontha, mileme na chiswe n'kulowa. Mtolankhani wa ku Britain, Christina Lamb, anaiona ili choncho ndipo analemba buku la The Africa House limene linatuluka mu 1999. Chakumayambiliro kwa zaka za m'ma 2000, mdzukulu wina wa Chipembele na mkazi wake anayamba kuikonza. Lelo imalandila alendo, famu ikusewenza, ndipo dzina la Shiwang'andu ni la boma lonse mu chigawo cha Muchinga.

NANGA TIMUIKE PATI?

Mukafunsa anthu za mudala uyu, muzamva mayankho awili. Ena ati anali muzungu wabwino, anamanga sukulu na chipatala ndipo anaima na ife pomwe zinali zovuta. Ena ati awe, mtsamunda ni mtsamunda, anagula dziko la eni ake pa mashilingi awili ndipo anali kumenya amuna aakulu a ndevu zao. Onse akukamba zoona, ndipo zonsezi zinali mwa munthu mmodzi.

Ine chimene chinandigwila mtima powelenga mbili yake ni ichi. Tikudziwa dzina la anti wake, la mkazi wake, la sukulu yake, olo mtengo wa ekala. Koma amuna na akazi mahandiledi amene anaumba njelwa zija, kusenza katundu pa mutu na kupilila ukali wake, ambili maina ao sitiwadziwa. Adzukulu ao ali pakati pathu, ena mwina mumakwela nao basi ya ku Chelstone m'mawa ulionse.

Ngati mufuna kukadzionela, njila ni Great North Road: Kabwe, Kapiri Mposhi, Serenje, Mpika, kenako mupatuke musanafike ku Chinsali. Mabasi a ku Nakonde amanyamukila pa Intercity, ndipo sitima ya TAZARA imaima pa Mpika. Makilomita pafupifupi 20 kuchoka pa nyumbayo pali madzi otentha a Kapishya, pomwe mungaviike msana pambuyo pa ulendo. Konzekelani tsiku lathunthu pa msewu, ndipo tumani uthenga musanapite.

Mukakafika, selfie pa geti jambulani, palibe mulandu. Koma mufunsenso wokuonetsani malo kuti ambuye ake anali kusewenza ntchito yanji pa nyumbayo, ndipo dzina lao anali ndani. Mulilembe.