Chosiyana ndi chiti? Sayansi yobisika m'nyimbo ya ana a mkaka

Pa 10 November 1969, wailesi ya kanema ku United States inayamba kuonetsa pulogalamu ya ana yotchedwa Sesame Street. Oyambitsa ake, Joan Ganz Cooney ndi Lloyd Morrisett, ankafuna kukonzekeretsa ana a zaka zitatu mpaka zisanu, makamaka a m'mabanja osauka, asanayambe sukulu. Mwina mukuti, "Aaa aphunzitsi, za ana a mkaka zikutikhudza bwanji ife a ku sekondale?" Dikirani kaye, muona.

M'pulogalamuyi muli kamasewera kotchuka komwe kamayenda ndi nyimbo ya "One of These Things", imene anaipeka Joe Raposo. Pa kanema pamabwera zinthu zinayi, zitatu zofanana, chimodzi chosiyana. Tiyerekeze mipira itatu ndi nsapato imodzi. Ntchito ya mwana ndi kuloza chosiyanacho nyimbo isanathe. Basi.

Nanga nyimboyo ndi yachiyani? Siyongokometsera ayi. Mwana akangomva poyambira pake amadziwa kuti masewera aja abwera, ndiye amatchera khutu. Kutalika kwa nyimboyo kumamupatsanso mpata woti aganize yekha yankho lisanaululidwe. Komanso mawu oimbidwa mobwerezabwereza salowa m'mutu n'kutulukamo msanga. Nonse mukudziwa mmene afabeti inakhazikikira m'mutu mwanu.

Okonza pulogalamuyi sankangoganizira kuti ana akonda chiyani, ankayesa. Edward Palmer, yemwe ankatsogolera kafukufuku wawo, ankaika ana patsogolo pa kanema, pambali pake n'kuikapo makina oonetsa zithunzi zosinthasintha pakangopita masekondi ochepa. Ofufuza ankalemba nthawi imene maso a mwana achoka pa pulogalamu kupita ku zithunzi zija. Gawo lomwe ana ambiri alitembenukira nkhongo ankalikonzanso kapena kulichotsa. Imeneyo ndi sayansi kale: kuyeza m'malo mongokhulupirira.

Tsono tiyeni tisewere ifenso, koma mwa fizikisi. Ndaika patebulo zinthu zinayi: waya wa kopa, chidutswa cha poto wa aluminiyamu, msomali wa ayironi, ndi mtima wa pensulo, womwe ndi girafaiti. Chosiyana ndi chiti?

Wina anena mtima wa pensulo, chifukwa zitatu zinazo ndi zitsulo pomwe girafaiti ndi kaboni. Wakhoza. Wina abweretsa maginito, ndipo msomali wokha ndiwo ukakamire. Nayenso wakhoza. Wachitatu angoyang'ana mtundu n'kuloza kopa, poti ndi yekhayo wofiirira. Ndipo mukalumikiza chilichonse mwa zinayizi ku batire ndi kababu kakang'ono, mupeza kuti zonse zimadutsitsa magetsi, kotero pamenepo chosiyana palibe.

Mwaona? Yankho limadalira khalidwe lomwe mwasankha kuyang'ana. Mwana wa zaka zinayi akaloza nsapato, wachita zinthu zitatu mosadziwa: wayerekeza zinthuzo, wapeza chimene zambiri zikufanana, n'kupanga lamulo. Kusiyana kwa iye ndi wasayansi n'kwakuti wasayansi ayenera kutchula lamulo lakelo poyera, kuti ena aliyese.

Zaka 100 Sesame Street isanayambe, mu 1869, Dmitri Mendeleev wa ku Russia anasewera masewera omwewa ndi maelementi oposa 60 omwe ankadziwika nthawi imeneyo. Anawandandalika potsata kulemera kwa maatomu, n'kuika a makhalidwe ofanana m'gulu limodzi. Pomwe panalibe elementi yoyenera sanakakamize, anasiya mpata n'kulosera makhalidwe a chimene chidzakhalepo. Mu 1875 ku France anapeza gallium, ndipo inakwana ndendende pa mpata wa pansi pa aluminiyamu. Kusanja bwino kunamuuza za chinthu chomwe munthu anali asanachionepo.

Lamulo likasintha, magulunso amasintha. Mu 2006 bungwe la International Astronomical Union linagwirizana tanthauzo la pulaneti, ndipo Pluto anatuluka m'gulu la mapulaneti, otsala n'kukhala asanu ndi atatu. Pluto sanasinthe chilichonse. Chinasintha ndi muyeso.

Apa ndi pomwe ndikufuna muchenjere pokonzekera mayeso. Nyimbo imathandiza kusunga mndandanda, ndipo sindikuletsani kuimba mayina a maelementi kapena mitundu ya utawaleza. Koma nyimbo imasunga ndondomeko ya mawu, osati chifukwa chake. Funso likabwera litatembenuzidwa, woloweza chabe amasowa pogwira.

Ndiye yesani izi ndi mnzanu. Lembani mawu anayi awa: mass, time, temperature, velocity. Aliyense asankhe chosiyana, koma yankho lopanda "chifukwa" lisalandiridwe. Mukagwirizana chimodzi, funani lamulo lina lomwe lingatulutse china.