Pakamwa Chichewa, dzanja Chingelezi

Ndikakhala pa benchi kuchipatala cha Domasi, maso anga sachoka pa dzanja la dokotala. Mayi akudandaula kuti mwana watentha thupi, liwombo lalowa, akutsegula m'mimba ngati madzi. Dokotala akufunsa m'Chichewa, akumvetsera, koma cholembera chikuyenda m'Chingelezi m'kabuku kakuchipatala. Akalowa agogo a Chiyao ochokera kutsinde kwa phiri la Malosa, zilankhulo zimakwana zitatu patebulo limodzi.

Ambiri amene timawatcha adokotala kuno ndi ma clinical officer ndi ma medical assistant. Palinso anamwino, ndi alangizi a zaumoyo opalasa njinga kukachititsa sikelo m'midzi. Ena anaphunzira kukoleji ya zaumoyo ku Zomba, ena ku St Luke's ku Malosa, onse m'Chingelezi. Koma munthu sadwala m'Chingelezi.

Liwu limene limawatopetsa kwambiri ndi malungo. Kumudzi thupi likatentha n'kuphwanya, amenewo ndi malungo basi. Kuchipatala malungo ndi tizilombo tobwera ndi udzudzu, todziwika akabaya chala n'kudontheza magazi pa kachipangizo. Kakaonetsa mzere umodzi, tizilomboto mulibe. Pamenepo wodwala amakwinya nkhope: “Ndiye mukuti sindikudwala?” Iye wabwerera mankhwala a LA, amene analowa m'malo mwa Fansidar mu 2007. Wachipatala ayenera kupeza mawu omuuza kuti kudwala akudwaladi, mwina ndi chibayo, popanda kumuchititsa manyazi. Akalephera, munthuyo akagula mankhwala olakwika pagolosale.

Kumunsi kwa chigwa, m'minda ya mpunga yoloza ku nyanja ya Chilwa, kuli likodzo. Alangizi amakumanabe ndi makolo oganiza kuti mnyamata akakodza magazi ndiye kuti akukula, ndipo amayamba ndi nkhani ya nkhono za m'madzi asanatchule mapiritsi. Magazi nawonso ali ndi mawu ambiri. “Magazi achepa,” aliyense amamva. Koma “magazi akuthamanga” amapusitsa, chifukwa chothamanga chimatopa n'kuima. Mutu ukasiya kupweteka, bambo amasiya mankhwala a BP. Wa matenda a shuga amadabwa: “Inetu tiyi ndimamwa wopanda shuga.”

Amene amandimvetsa chisoni ndi namwino wachitsikana woyeza khansa ya khomo la chiberekero kwa mayi wa msinkhu wa amayi ake. Mawu a m'buku sangawatchule. A kudambwe ndi kuchinamwali angamveke kutukwana. Ndiye amazungulira mwaulemu: “Amayi, mwapita liti kumwezi? Mukakhala malo amodzi ndi abambo mumamva kupweteka?” Opareshoni amaitchula mosamala, poti kumudzi amati wabereka ndi mpeni, ndipo mpeni ndi liwu loopsa kwa munthu amene ali pakati.

Mawu abwino amachiza mantha. Kale anthu ankanong'ona za kaliwondewonde ndi matenda a boma. Ma ARV atayamba kuperekedwa ulere mu 2004, panabwera mawu akuti mankhwala otalikitsa moyo, ndipo anthu anayamba kufola masana. Lero vuto ndi lina. Ukauza munthu kuti kachilombo sikakuoneka m'magazi, amamva kuti wachira. N'chifukwa chake alangizi amakonda kunena kuti kangogona, mukasiya mankhwala kadzuka.

Luso limeneli silili pa satifiketi, ndipo palibe amalipira achipatala chifukwa cha lusoli. Alexander Hetherwick, amene anatsegula mishoni ya Domasi mu 1884, anatola mawu a Chiyao ndi Chinyanja n'kuwasunga m'mabuku. Mawu amene achipatala athu akuwasula tsiku ndi tsiku sakulembedwa mokwanira. Namwino wakale akapuma pantchito amapita nawo. Tiwalembe akadalipo.

Mayi uja akutuluka, mwana kumbuyo, kabuku m'chikwama. Zolembedwamo sangaziwerenge. Chimene chikapulumutse mwanayo usiku ndi zimene wauzidwa, n'kuzibwereza yekha pamaso pa namwino: paketi imodzi ya Thanzi m'lita imodzi ya madzi abwino, kumumwetsa pang'onopang'ono, osasiya kuyamwitsa.