Nyali za Usiku ndi Mileme ya ku Mchinji

Mvula yoyamba ikagwa ku Mchinji, mwana aliyense amadziŵa kumene ngumbi zikapezeke. Makolo athu ankayatsa muuni wa udzu pafupi ndi chulu, ngumbi n'kumagwera m'dzenje. Masiku ano anthu amangotchera beseni la madzi pansi pa babu la pakhonde la sitolo. Nzeru yake ndi imodzimodzi: kuŵala kumasokoneza tizilombo touluka usiku. Chimene ambiri a ife sitinachiganizire n'chakuti si ngumbi zokha zimene zimasokonezeka, ndiponso kuti muuni unkazima usiku womwewo pamene babu limayaka chaka chathunthu.

Boma la Mchinji lasintha kwambiri. Munthu woyenda usiku pa msewu wa M12 kuchokera ku Lilongwe amaona magetsi pa Waliranji, pa Kamwendo ndi pa boma penipeni, kufikira pa chipata cha Mwami, pamene atsogoleri a Malaŵi ndi Zambia anatsegula maofesi atsopano a m'malire mu Disembala chaka cha 2022. Magalimoto akuluakulu a katundu amadutsa pamenepo, ndipo m'misika ya m'mbali mwa msewu muli zigayo, majenereta ndi zokuzira mawu. Palibe munthu wanzeru amene anganene kuti tibwerere ku koloboyi. Mayi wochira usiku kuchipatala afunika magetsi, mwana wa sukulu naye afunika nyali yoŵerengera. Koma m'boma lomweli muli nkhalango ya m'mapiri a Mchinji, mtsinje wa Bua ndi madambo ambiri, momwe mumakhala zamoyo zimene ntchito yake yonse zimaigwira mumdima.

Mmodzi mwa akatswiri amene afufuza nkhaniyi ndi Dr. Emma Stone, amene anayambitsa bungwe la African Bat Conservation loona za mileme kuno ku Malaŵi. Kafukufuku wake woyamba anauchita ku England ali pa yunivesite ya Bristol, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa m'chaka cha 2009. Kumeneko kuli mtundu wina wa mileme ing'onoing'ono youluka pang'onopang'ono, imene pochoka kogona kupita kokadya imatsata mipanda ya zitsamba ya m'malire a minda, monga momwe munthu amatsatira kanjira kopita kudambo. Dr. Stone anaimika nyali zonga za m'misewu ya m'tauni m'mbali mwa mipanda yotere, naŵerenga mileme yodutsa pogwiritsa ntchito makina omva kulira kwake, pakuti kulirako khutu la munthu silingakumve.

Anachitanso chinthu china chanzeru. Popeza nyalizo zinkayaka ndi jenereta, masiku ena ankaliza jenereta yokha nyali zili chizimire, kuti adziŵe ngati chothaŵitsa mileme ndi phokoso kapena kuŵala. Nyali zitayatsidwa, chiŵerengero cha mileme yodutsa chinatsika koopsa, ndipo mileme inkachedwa kuyamba ulendo wake wamadzulo. Sinaonetsenso kuti ikuzoloŵera. Kuchedwa kumeneku si nkhani yaing'ono ayi. Tizilombo touluka timachuluka kachisisira, dzuŵa litangoloŵa kumene, choncho mleme wotuluka mochedwa uli ngati munthu wofika pamsika ogulitsa atalongedza kale.

Pa kafukufuku amene anasindikizidwa m'chaka cha 2012, Dr. Stone ndi anzake anabwereza ntchitoyi ndi nyali za LED, zoyera mbee zija zimene zadzaza m'masitolo athu chifukwa sizidya magetsi ambiri. Anapeza kuti mileme youluka pang'onopang'ono inkazipeŵa ngakhale ataziyatsa mozimirira. Mileme yaliŵiro yokha ndiyo sinavutike nazo. Apa pali phunziro kwa amene amanena kuti, "Mileme ilipo yambiri, si iyo ikuzungulira nyali ya pa golosale?" Imene mukuionayo ndi mitundu yochepa yolimba mtima. Mitundu ina yathaŵa mwakachetechete, ndipo palibe amene angaone kuti yasoŵa. Ku Malaŵi kuno kuli mitundu ya mileme yoposa 60.

Nanga phokoso? Akatswiri aŵiri a ku Germany, Björn Siemers ndi Andrea Schaub, anafufuza mleme wina umene umapeza chakudya pomvetsera kukwakwata kwa zikumbu zoyenda pamasamba ouma. Ataliza phokoso la magalimoto a pamsewu waukulu, mlemewo unkatenga nthaŵi yaitali kufunafuna chikumbu chimodzi, ndipo kaŵirikaŵiri unkalephera. Izi anazilengeza m'chaka cha 2011. Kadzidzi naye amasaka mbeŵa ndi makutu. Achule a m'dambo amaitana akazi awo ndi mawu, ziphaniphani zimaitanizana ndi kamoto kawo. Phokoso ndi nyali zimatsekereza zonsezi.

Wina angafunse kuti, kodi zimenezi zikukhudzana bwanji ndi umoyo wa anthu? Ambiri amaida mileme, ena amaiganizira zaufiti, ndipo ndoŵe zake zikachuluka kudenga la sukulu zimanunkhadi. Koma mileme yambiri chakudya chake ndi tizilombo touluka usiku, ndipo pakati pa tizilomboto pali agulugufe amene amaikira mazira a mbozi zowononga mbewu. Mlimi wa ku Mkanda kapena ku Kapiri sanaiŵale ntchemberezandonda zachilendo zimene zinasakaza chimanga m'chaka cha 2017, mpaka Boma linalengeza kuti m'maboma 20 mwagwa tsoka. Gulugufe wobala mbozi zimenezi amauluka usiku.

Ku Illinois, m'dziko la America, akatswiri Josiah Maine ndi Justin Boyles anatchinga mbali zina za minda ya chimanga ndi maukonde usiku kuti mileme isaloŵemo. Zotsatira zake, zimene zinatuluka m'chaka cha 2015, zinaonetsa kuti m'malo otchingidwawo munali mbozi zambiri, zisononkho zinaboolekabooleka, ndipo chuku chinachuluka pamodzi ndi poizoni wake. Apa ndipo pagona nkhani. Mbozi ikaboola chisononkho imatsegulira chuku khomo. Anthu a ku Mchinji, amene amalima chimanga ndi mtedza wambiri, amadziŵa kuti chuku chimatsitsa mtengo wa mbewu pamsika. Azaumoyo amawonjeza kuti poizoni wa mitundu ina ya chuku amawononga chiŵindi ndi kupinimbiritsa ana. Mleme wouluka pamwamba pa munda ndi waganyu amene safuna malipiro, ndipo kuuthamangitsa ndi nyali yosafunikira n'kudzilanda tokha.

Pa za udzudzu tiyenera kunena mosamala. Mileme imadya udzudzu, koma siingathetse malungo m'mudzi, ndipo munthu asasiye kugona m'neti poti padenga pake pali mileme. Choopsa chenicheni chili pa ife eni. Udzudzu wofalitsa malungo umaluma usiku, ndipo magetsi ndi nyimbo za pamsika zimachititsa anthu, ngakhale ana, kukhala panja mpaka pakati pa usiku, kutali ndi neti. Phokoso lomwelo limasoŵetsa tulo odwala, makanda ndi okalamba okhala pafupi. Mwini bala amene amaliza chokuzira mawu mpaka tambala woyamba amavutitsa achule ndi anansi ake nthaŵi imodzi.

Ubwino wake ndi wakuti vuto ili silili ngati kudula nkhalango, kumene kumatenga zaka makumi kuti mitengo ibwerere. Nyali ikazima, mdima wabwerera pomwepo. Nyali ya panja ikhale ndi chivindikiro pamwamba kuti iziunika pansi, pakhomo ndi pakanjira, osati kumwamba kapena m'mitengo. Kachidutswa ka lata kangakwanire. Isaloze kumtsinje, kudambo, kumanda kapena ku mzere wa mitengo, chifukwa amenewo ndiwo misewu ya mileme. Kumanda tikutchulako dala, pakuti m'midzi yambiri ya m'chigawo chapakati mitengo ikuluikulu yatsala kumanda kokha. Babu lofiirira, looneka ngati moto wa nkhuni, limakopa tizilombo tochepa poyerekeza ndi loyera mbee. Nyali imene siikulondera kanthu izimitsidwe pogona, ndalama za magetsi zipulumuke. Jenereta aimangire kanyumba ka njerwa kokhala ndi mipata yotulukira utsi, panja ndi kutali ndi zipinda zogona, pakuti utsi wake umapha munthu ali m'tulo.

Mafumu ndi makomiti a pamsika ali ndi mphamvu yogwirizana za nthaŵi yotsekera nyimbo, ndipo alangizi a zaumoyo angaikambe nkhaniyi pamisonkhano yawo ya m'midzi pamodzi ndi ya maneti ndi zimbudzi.

Mileme ikaloŵa kudenga la nyumba, musaiphe ndi mankhwala kapena utsi. Pezani poloŵera pake, dikirani ituluke madzulo, ndipo mutseke pamene mwatsimikiza kuti simunatsale ana. Posesa ndoŵe zake wazanipo madzi kuti fumbi lisabuke, ndipo muphimbe mphuno ndi pakamwa. Mleme wogwa pansi musaugwire ndi manja, ndipo ana auzidwe zimenezi, chifukwa mileme ina imakhala ndi tizilombo ta mtundu wa chiwewe. Wolumidwa atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo.