Galimoto Yothamanga Yokha: Ndi Mizimu Kapena Phazi?

Inu a pamsika mukudziwa mmene mphekesera imaphera malonda. Wina angonena kuti usipa wa uje ndi wothira mankhwala, basi tsiku lomwelo makasitomala onse zii! Lero ndikuuzeni kuti matendawa aliponso ku America, ndipo kumeneko amagwira mpaka boma.

Mu 1986 wailesi ya kanema ya CBS inaonetsa galimoto ya Audi 5000 ikunyamuka yokha, ati popanda woponda moto. Anthu anagwidwa mantha. Pambuyo pake zinaululika kuti galimoto ya pakanemayo anachita kuibowola nkuipopera mpweya kuti ilumphe. Mu 1989 boma litafufuza linapeza kuti madalaivala ambiri amaponda moto poyesa akuponda mabuleki. Koma malonda anali atafa kale: Audi inagulitsa magalimoto pafupifupi 74,000 mu 1985, pofika 1991 anatsika mpaka cha m'ma 12,000.

Mu 2009 nyimbo yomweyo inagwera Toyota, inde Toyota yomweyi timakwezamo matumba a mbatata. Banja la anthu anayi linafera mu Lexus ku San Diego. Mwadzidzidzi aliyense anasanduka katswiri, amvekere kompyuta ya m'galimoto yapenga. Aphungu anaitanitsa bwana wa kampaniyo, Akio Toyoda, mu February 2010 kuti adzayankhe, ndipo magalimoto oposa 8 miliyoni anaitanidwa kuti akakonzedwe.

Boma linachita kubwereka akatswiri a NASA, aja otumiza anthu kumwezi. Anafufuza miyezi 10, ndipo mu February 2011 anati kompyuta sanaipeze ndi mlandu. Olakwa anali kapeti wopondapo yemwe amapanikiza chopondera moto, chopondera china chomwe chimachedwa kubwerera, komanso phazi la dalaivala.

Sindikuikira kumbuyo Toyota ayi. Mu 2014 inalipa madola 1.2 biliyoni chifukwa chobisa zomwe imadziwa za makapeti ndi zoponderazo. Vuto linalipo ndithu, anthu anafadi. Chomwe ndikukana ine ndi chakuti andale azithamangira kupanga malamulo chifukwa cha phokoso la pakanema, chilungamo asanachipeze. Lamulo lililonse lowonjezera kachipangizo limakweza mtengo wa galimoto, ndipo wolipira ndi wogula. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Nanga ife kuno? Tikamva zoti galimoto zakunja zili ndi mizimu timanjenjemera, komabe m'mawa timakwera minibasi ya matayala osalala ngati mutu wa dazi, kondakitala atatipanikiza anayi-anayi, dalaivala akupikisana ndi mnzake kulimbirana pasenjala. Zimenezi sizifuna NASA, maso anu omwewo akwanira.

Tsono mawa popita kukapikula, yambani mwasuzumira matayala musanakwere. Akakhala otha, tsikani mudikire ina. Tomato angachedwe kufika pabenchi, koma ana anu akufuna kholo lamoyo madzulo.