Makiyi a mzinda azisunga ndani?

Mawu oti smart city akangotchulidwa, ambiri amaona m'maganizo nyumba zosanja zagalasi, makamera pamphambano iliyonse, ndi chipinda chodzaza makompyuta momwe mabwana akuonera mzinda wonse. Ukawonjezerapo mawu oti open source, wina amati, "Aa, zaulere zija eti?" Wina n'kuti, "Zimenezo akuba alowamo tsiku lomwelo." Maganizo awiriwa ali ndi kachoonadi pang'ono, n'chifukwa chake amavuta kuwazula. Koma mizinda yomwe inayesadi zinthuzi ili ndi nkhani ina.

Pulogalamu iliyonse ya pakompyuta kapena pafoni imalembedwa ndi anthu, mzere ndi mzere. Makampani ambiri amabisa zomwe alembazo: umalipira kuti ugwiritse ntchito, koma m'kati sungaonemo, sungakonzemo kanthu, ndipo ukasiya kulipira amakutsekera. Ya open source zolemba zake zili poyera, ndipo laisensi yake imalola aliyense kuziwerenga, kuzisintha ndi kugawirako ena. Linux, yomwe Linus Torvalds anaiyamba mu 1991, ndi yotere, ndipo Android inamangidwa pamwamba pake. Amene ali ndi foni ya Android m'thumba akuyenda nazo kale zinthuzi.

Zoti n'zaulere ndiye chikhulupiriro chomwe chagwetsa ambiri. N'zoona kuti laisensi sulipira. Koma khonsolo ya mzinda wa Munich ku Germany itagamula mu 2003 kuti ichoke pa Windows n'kusamukira ku Linux, ntchitoyo, yotchedwa LiMux, inatenga zaka khumi. Pofika 2013 makompyuta pafupifupi 15,000 anali atasamuka. Panafunika kuphunzitsa ogwira ntchito, kulembanso mafomu ndi timapulogalamu tambirimbiri ta m'maofesi, komanso kulimbana ndi zikalata zochokera kumaofesi ena zomwe sizinkatseguka bwino. Madandaulo atachuluka ndipo ndale zitasintha, khonsoloyo inavota mu 2017 kuti ibwerere ku Windows. Mu 2020 atsogoleri atsopano ananenanso kuti pamene n'zotheka mzindawo uzikondera mapulogalamu otseguka. Munich ndi mzinda wolemera, koma njirayi inaudyera ndalama ndi nthawi.

Ife kuno tili ndi chitsanzo pafupi. Mjigo wa Afridev, womwe uli m'midzi yambiri, unayamba kupangidwa ku Malawi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, ntchitoyo n'kukapitirira ku Kenya. Kapangidwe kake si chinsinsi cha kampani iliyonse. Fakitale iliyonse itha kuupanga, ndipo anaukonza dala kuti anthu a m'mudzi azitha kuzula ndodo zake ndi kusintha labala popanda kudikira munthu wochokera kutali. Komabe tonse taionapo mijigo yoti inafa kalekale, udzu utamera pakonkire, chifukwa komiti inalibe ndalama yogulira kachipangizo kakang'ono kapena amene anaphunzitsidwa kukonza anasamuka. Pulogalamu yotseguka imafanso chimodzimodzi. Chomwe imakupatsa ndi ufulu wokonza wekha, kapena kusankha wokukonzera ndi kum'chotsa akakukhumudwitsa. Ufulu umenewo ndi waukulu kwambiri, ndipo kwa ine ndiye chifukwa chenicheni chosankhira njirayi. Koma malipiro a akatswiri, maseva, magetsi ndi maphunziro ayenera kulowa m'bajeti chaka ndi chaka, kuphatikizapo zaka zomwe bungwe lothandiza lidzakhale litapita.

Nanga za akuba? Pano anthu amasakaniza zinthu ziwiri. Zomwe zili poyera ndi zolemba zomwe zimayendetsa pulogalamuyo. Dzina lanu, ngongole yanu ya msonkho ku khonsolo kapena matenda omwe munapezeka nawo kuchipatala n'zina, ndipo zimakhala zotsekeredwa.

Estonia, dziko la anthu pafupifupi 1.3 miliyoni, inayamba mu 2001 kugwiritsa ntchito X-Road, njira yomwe maofesi a boma, makhonsolo ndi makampani amatumizirana uthenga. Palibe nkhokwe imodzi yaikulu momwe muli zonse. Ofesi iliyonse imasunga zake, ndipo ina ikafuna kudziwa kanthu imafunsa kudzera pa X-Road; funso ndi yankho zimasainidwa, zimadindidwa nthawi, n'kulembedwa m'kaundula. M'makaundula ambiri nzika itha kuona kuti ndi ofesi iti yomwe inasuzumira mbiri yake. Mu 2016 zolemba za X-Road zinaikidwa poyera, ndipo dzikolo silinagwe. Vuto lalikulu lomwe linagwedeza Estonia chaka chotsatira linachokera kwina: akatswiri a ku Masaryk University ku Brno anapeza chofooka m'katchipi ka m'zitupa za unzika zoposa 700,000, ndipo pulogalamu ya m'katchipiko inali yobisika, ya kampani.

Izi sizikutanthauza kuti chotseguka chilichonse n'chotetezeka. Chiboo chotchedwa Heartbleed chinakhala mu OpenSSL zaka ziwiri chisanapezeke mu 2014, pomwe pulogalamuyo, yomwe gawo lalikulu la intaneti limadalira, inkasamalidwa ndi anthu ochepa kwambiri. Nkhani ya mu Marichi 2024 ndiyo imandikhudza koposa. Kapulogalamu kotchedwa xz, komwe kali m'makompyuta ambiri a Linux, kankasamalidwa ndi munthu mmodzi wongodzipereka, yemwe anali atatopa. Munthu wina anabwera ngati wothandiza, anagwira ntchito mokhulupirika kwa zaka pafupifupi ziwiri mpaka anapatsidwa mphamvu, kenako n'kubisamo khomo lolowera mwachinsinsi. Anazitulukira ndi Andres Freund, katswiri yemwe anadabwa kuti kulowa m'kompyuta yake kukuchedwa ndi theka la sekondi, n'kuyamba kufufuza. Anatha kufufuza chifukwa zolembazo zinali poyera. Koma zikanapanda chidwi chakecho, kutseguka pakokha sikukanaletsa kanthu. Khonsolo yotenga pulogalamu yotere iyenera kufunsa kuti amaisamalira ndani, alipo angati, ndipo amalipidwa ndi yani.

Mantha a anthu pa zinsinsi zawo ndi oyenera, kungoti nthawi zambiri amaloza kolakwika. Ku Toronto, kampani ya Sidewalk Labs, yomwe mwini wake anali yemweyo wa Google, inasankhidwa mu Okutobala 2017 kuti imange dera lamakono la Quayside m'mbali mwa nyanja, lodzaza zipangizo zowerenga chilichonse choyenda. Anthu anafunsa funso limodzi mobwerezabwereza: zonse zomwe zipangizozi zizitolera zikhala za ndani? Ann Cavoukian, yemwe kale anali mkulu woteteza zinsinsi za anthu m'chigawo cha Ontario ndipo ankalangiza kampaniyo, anatula pansi udindo mu 2018 chifukwa cha nkhani yomweyi. Mu Meyi 2020 kampaniyo inasiya ntchitoyo, ponena za kusokonekera kwa chuma pa nthawi ya Covid-19.

Chikhulupiriro chomwe chimandiwawa kwambiri ndi chakuti zonsezi n'za mayiko olemera, ife tiyambe tapeza kaye madzi ndi misewu. Ku Dar es Salaam mtsinje wa Msimbazi umasefukira kawirikawiri, ndipo madera ngati Tandale, momwe anthu amakhala mothithikana, sankaoneka bwino pamapu. Kuyambira 2015, ntchito ya Ramani Huria inatenga ophunzira a ku Ardhi University ndi University of Dar es Salaam, pamodzi ndi anthu a m'maderamo, n'kuyenda nawo kanjira ndi kanjira. Ankaima pa ngalande, kuyeza m'lifupi ndi kuya kwake, kulemba pafoni ngati ndi ya simenti kapena yongokumba, ngati yatsekeka ndi zinyalala, ndiponso komwe imathera. Anthu okhala komweko ankaloza pakhoma pomwe madzi anafika chaka chatha. Zonsezi zinalowa mu OpenStreetMap, mapu omwe aliyense atha kugwiritsa ntchito, ndipo zida zazikulu zinali mafoni wamba ndi miyendo.

Ku Nairobi ophunzira a University of Nairobi, mogwirizana ndi anzawo a ku MIT ndi Columbia University, anakwera maminibasi otchedwa matatu njira ndi njira atanyamula mafoni olemba komwe galimoto yadutsa ndi pomwe yaima. Mu 2014 mzindawo unaona koyamba mapu athunthu a maminibasi ake, omwe poyamba ankangodziwika m'mitu ya madalaivala ndi makondakitala. Ushahidi, yomwe inabadwira ku Kenya komweko kuchiyambi kwa 2008 pofuna kulemba malo omwe kunkachitika ziwawa zisankho zitatha, inakagwira ntchito ku Haiti pa chivomerezi cha mu 2010.

Ndipo ife si alendo pa zimenezi. Ziwerengero zomwe zipatala zathu zimatumiza mwezi ndi mwezi zimalowa mu DHIS2, pulogalamu yotseguka yomwe mizu yake ili ku South Africa m'zaka za m'ma 1990 ndipo imasamalidwa ndi University of Oslo. Mayiko oposa 70 amaigwiritsa ntchito, kuphatikizapo Malawi ndi Zambia. Mapu a boma a pa tsamba la intaneti la MASDAP ali pa GeoNode, yomwenso ndi yotseguka. Namondwe wa Freddy atagumula matope a m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe mu Marichi 2023, mafunso anali akuti panali nyumba zingati, munkakhala anthu angati, madzi amadutsa pati. Mzinda wodziwa mayankho amenewa mvula isanabwere ndi wanzeru kuposa wokhala ndi makamera chikwi.

Palinso ena omwe amakhulupirira mopyola, oganiza kuti pulogalamu ikangoikidwa ndiye kuti anthu amvedwa. Madrid inatsegula Decide Madrid mu 2015, pa pulogalamu yotchedwa Consul, kuti aliyense athe kupereka ganizo lake ku khonsolo. Lamulo linali loti ganizo lipeze anthu oligwirizana nalo okwana 1 pa 100 alionse a zaka 16 kupita m'tsogolo, anthu pafupifupi 27,000, kuti likavoteredwe. Maganizo anabwera masauzande, koma omwe anafika pa voti ya mu Febuluwale 2017 anali awiri okha. Barcelona inayamba Decidim mu 2016 ndipo inalandira maganizo oposa 10,000 pa ndondomeko ya chitukuko cha mzinda, koma siinadalire intaneti yokha: inachititsanso misonkhano mazanamazana ya maso ndi maso m'madera, zonenedwa kumeneko n'kumalowetsedwa mu pulogalamuyo. Helsinki itatenga Decidim mu 2018 inaikapo mayuro 4.4 miliyoni oti anthu agamule okha kagwiritsidwe ntchito kake, ndipo ana oyambira zaka 12 analoledwa kuvota. Mphamvu inachokera pa ndalama zomwe khonsolo inalolera kuzitula m'manja mwa anthu. Kwathu kuno, komwe bandulo imadula ndipo ambiri ali ndi mafoni a mabatani, njira yongodalira intaneti ingamve mawu a anthu ochepa omwe amamveka kale. Ndipo munthu akanena za dzenje la pamsewu katatu osaona phula, kachinayi sanenanso.

Estonia ndi Finland zitaona kuti X-Road ikufuna wosamalira wokhazikika, zinakhazikitsa bungwe limodzi mu 2017, Nordic Institute for Interoperability Solutions, n'kumasonkherana ndalama zolipirira akatswiri. Iceland inalowamo mu 2021. Makhonsolo a Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba onse amatolera misonkho, amapereka malaisensi a bizinesi, amavomereza mapulani a nyumba ndipo amalimbana ndi zinyalala. Sindikuona chifukwa chomwe aliyense azigulira payekha pulogalamu yotsekeka, pomwe anayiwa atha kusamalira imodzi, kulemba ntchito achinyamata omwe akutuluka ku MUBAS, MUST, Mzuzu University ndi University of Malawi, ndi kulemba m'kontirakiti iliyonse kuti zolemba za pulogalamuyo ndi mbiri zonse za anthu zidzatsala m'manja mwa khonsolo tsiku lomwe kampani yopatsidwa ntchitoyo idzachoke.